MIYOYO 30

Lamulungu lina, Misa yachiwiri itatha, akristu akubalalika kunka m'makwawo, mnyamata wina wa m'kalasi la Ulimbitso adatiimitsa pakhomo pa tchalitchi. Adayamba wacheuka uku ndi uku ngati munthu wosenza mlandu waukulu, kenaka adafunsa motsitsa mawu kuti: "Bambo, kodi kuika ma cheat code pa gemu ndi tchimo loti munthu n'kukalapa?" Tiulule poyera kuti poyamba tidafuna kuseka, pakuti m'mabuku onse amene tidawerenga ku seminale mudalibe ngakhale tsamba limodzi lonena za zimenezi. Koma nkhope ya mwanayo idatiletsa. Mwana akafunsa za tchimo maso ali pansi, ndiye kuti pali kanthu kamene kakumudya mumtima, ndipo wansembe amene aseka funso lotere asadzadabwe mwanayo akadzaleka kufunsa ngakhale zazikulu zomwe.

Tidampempha kuti atipatse mlungu umodzi. M'masiku amenewo tidakhala pansi ngati ana a sukulu, kufunsa achinyamata a m'parishi amene amazidziwa zinthuzi, ndi kuwerenga mbiri yake. Zimene tidapeza tazibweretsa pa tsamba lino, chifukwa tikudziwa kuti m'mabanja ambiri muli foni imene madzulo imakhala m'manja mwa ana, makolo n'kumangomva phokoso lake osadziwa chimene chikuchitika m'menemo. Funso la mwanayu ndi laling'ono, koma lili ngati kamtsinje kamene ukakatsata kamakufikitsa kunyanja. Limatifikitsa pa funso lakuti: kodi chithandizo chimasanduka liti chinyengo?

Zinthuzi n'zotani?

Choyamba tifotokoze za zipangizo zake, kuti agogo ndi adzukulu timvere limodzi. M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 makampani a ku Japan, monga Nintendo, Sega ndi Sony, ankagulitsa timakina tamasewera tolumikiza ku wailesi ya kanema, tina tonyamula m'manja. Timakina tambiri totere tidaleka kupangidwa kalekale, koma masewera ake sadafe. Anthu aluso adalemba mapulogalamu otchedwa ma emulator, amene amachititsa foni kapena kompyuta kudzisandutsa kamakina kakaleko, monga m'mene wazisudzo amavalira zachifumu n'kumalankhula ngati mfumu. Gemu ija, posadziwa kuti ili m'nyumba ya eni, imangoyenda monga inkayendera kale. Imodzi mwa mapulogalamu otere ndi PPSSPP, imene Henrik Rydgård wa ku Sweden adaitulutsa mu 2012. Imeneyi imatsanzira kamakina ka Sony kotchedwa PSP, ndipo ndiyo imene anyamata ambiri amasewerera mpira wa pa foni.

Nanga ma cheat code? Tiwatche mfungulo zachinsinsi, pakuti ntchito yake ndi kutsegula zimene gemu idatseka. Zilipo za mitundu iwiri. Zina adaziikamo ndi eni ake omwe. Yotchuka koposa idabadwa mu 1986, pamene Kazuhisa Hashimoto, wantchito wa kampani ya Konami, ankakonza gemu ya Gradius kuti iziseweredwa pa makina apanyumba a Nintendo. Gemuyo idali yovuta kwambiri, kotero kuti iye mwini ankalephera kufika kumapeto kuti aone ngati zonse zili bwino. Tsono adadzikonzera njira: kudina m'mwamba kawiri, m'munsi kawiri, kumanzere, kumanja, kumanzere, kumanja, kenaka batani B ndi batani A. Akatero, kandege kake kankalandira zida zamphamvu nthawi yomweyo. Gemu idapita kumsika mfunguloyo ili momwemo, ndipo a Konami adaiikanso m'masewera ena. Mu gemu ya Contra, imene idatuluka pa makina omwewo mu 1988, wosewera amayamba ndi miyoyo 3, koma akadina mfungulo ija amayamba ndi miyoyo 30. Hashimoto adamwalira mu 2020, koma ana a m'maiko ambiri akudinabe mabatani ake aja. Tizindikire bwino apa kuti mfunguloyi idabadwa ngati makwerero a mmisiri, amene adaiwala kuwachotsa nyumba itatha.

Mfungulo zina ndi zolowetsa kuchokera kunja. Mu 1990 padatuluka kachipangizo kotchedwa Game Genie, kokonzedwa ndi kampani ya ku England ya Codemasters, kamene ankakalowetsa pakati pa gemu ndi makina. Makina akafunsa gemu kuti wosewerayu ayambe ndi miyoyo ingati, kachipangizoko kankalanda yankho panjira n'kupereka lina, monga mthenga amene amasintha mawu a m'kalata. Nkhaniyi idafika ku khoti ku America, pakati pa a Nintendo ndi kampani ya Galoob imene inkagulitsa kachipangizoko, ndipo mu 1992 khoti la apilo lidagamula mokomera a Galoob, poona kuti munthu wosintha kaseweredwe ka gemu imene adagula, pofuna kusangalala nayo m'nyumba mwake, sakulanda kanthu kwa mwini wake. Lero ma emulator ambiri ali ndi malo olembamo mfungulo zoterezi. Nambala ya miyoyo imasungidwa pa kamalo kena mkati mwa makina. Mfungulo imaigwira nambalayo kuti isatsike, ndipo msilikali wa pa galasi amatha kuomberedwa kambirimbiri osafa.

Pali chinanso chimene emulator imapatsa wosewera, chimene timakina takale tidalibe: kusunga mphindi ina iliyonse ya masewera, ndi kubwererako akalakwitsa. Walumpha molakwa n'kugwera m'dzenje? Amangobweza nthawi n'kulumphanso, ngakhale ka 50, mpaka atalumpha bwino. Ngakhale a Nintendo eni ake adaika mwayi wobweza nthawiwu mu 2019 m'masewera awo akale amene amawapereka pa makina a Switch.

Kusewera si tchimo

Tisanaweruze mfungulo, tiyambe taweruza masewerawo, pakuti alipo makolo ena amene amati kusewera kulikonse ndi ulesi. Eklezia saphunzitsa choncho. Thomas Aquinas Woyera, mphunzitsi wamkulu wa Eklezia amene adamwalira mu 1274, adafotokoza m'buku lake la Summa Theologiae kuti monga thupi limatopa n'kufuna kupuma, mzimu nawonso umatopa n'kufuna kusangalala, ndipo kuti kusewera moyenera ndi khalidwe labwino ndithu. Iye adakumbutsa nkhani yakale ya Yohane Mtumwi, amene anthu ena adakhumudwa naye atampeza akusewera ndi ophunzira ake. Yohane adauza mmodzi mwa iwo, amene adanyamula uta, kuti aponye muvi, aponyenso, aponyenso, kenaka adamfunsa ngati angathe kumangoponya osaleka. Munthuyo adayankha kuti utawo ungathyoke, ndipo Yohane adamuuza kuti mtima wa munthu nawo ndi chimodzimodzi. Komabe Thomas adachenjeza kuti kusewera kukhale kopanda zonyansa ndi zopweteka ena, ndiponso koyenera nthawi yake, malo ake ndi munthu wake.

M'masiku athu ano tili ndi mboni ina. Carlo Acutis, mnyamata wa ku Italy amene adamwalira mu 2006 ali ndi zaka 15, amenenso Papa Leo XIV adamlengeza kuti ndi woyera pa 7 Seputembala 2025, ankakonda masewera a pa kanema monga anzake onse. Sadawataye ayi, koma adadziikira yekha malire a nthawi yosewera, kuopa kuti angasanduke kapolo wa masewerawo.

Tsono tifunse monga amafunsira akuluakulu pabwalo la milandu: wolakwiridwa ndani? Chinyengo chimafuna anthu awiri, wonyenga ndi wonyengedwa. Munthu akakhala yekha ndi foni yake, nadzipatsa miyoyo 30, makinawo sangadandaule, pakuti alibe mtima woti upwetekedwe. Palibe lonjezo limene waphwanya, palibenso mphotho imene walanda. Malamulo a gemu si malamulo a Mulungu, ndipo sitiyenera kusenzetsa ana athu machimo amene Mulungu sadawatche machimo. Chikumbumtima chimene chimaopa chilichonse chimatopa, ndipo chikatopa chimaleka kuopa ngakhale zoyenera kuopa. Ndiponso pali nthawi zina pamene mfungulo imakhala ntchito ya chifundo. Taganizani za bambo wobwera ku ntchito atatopa, amene akufuna kusewera ndi mwana wake mphindi 20 asanagone. Taganizani za mwana wolumala dzanja, amene zala zake sizingathamange monga za anzake. Taganizaninso za mkulu amene sakufuna kuti mng'ono wake wa zaka 6 azingofera pa gawo loyamba n'kuyamba kulira. Wophunzitsa mwana bawo amamlekerera kudya nkhomo zingapo, ndipo palibe amene amati pachitika chinyengo.

Tinenepo mwachidule kuti pali funso lina losiyana ndi ili, lakuti gemuyo yafika bwanji m'fonimo. Masewera ali ndi eni ake amene adawakhetsera thukuta, ndipo sikuti zonse zimene timazipeza mwaulere pa intaneti eni ake adavomera. Limeneli ndi funso la lamulo la 7, ndipo tidzalisinkhasinkha tsiku lina. Lero tili pa funso la mwana uja.

Chimene munthu amataya

Kunena kuti chinthu si tchimo sikunena kuti palibe chotayika. Bernard Suits, katswiri wa nzeru zakuya amene ankaphunzitsa ku Canada, adaonetsa m'buku lake la mu 1978 lotchedwa The Grasshopper kuti chimene chimapanga masewera ndi zopinga zake, zimene osewera amazivomera mwaufulu. Tikaganiza bwino tiona kuti adanena zoona. Njira yachidule yolowetsera mpira m'golo ndi kuunyamula m'manja usiku, goloboyi atagona. Njira yachidule yopambanira bawo ndi kuola nkhomo zonse za mnzako n'kuziika m'thumba. Palibe amene amachita zimenezi, chifukwa chimene timafuna sikungoona mpira uli m'golo ayi. Timafuna kuulowetsa ndi mwendo, anthu 11 akutiletsa. Amene achotsa zopinga zonse amatsala ndi zithunzi zoyenda pa galasi, masewerawo atathawa kale.

N'chifukwa chake ana ambiri, akadzipatsa moyo wosatha ndi zida zonse, amasangalala madzulo amodzi, m'mawa mwake gemu ija yawatopetsa. Munthu amene wakwera Sapitwa ndi miyendo yake, ndi munthu amene wakatulidwa pamwambapo ndi ndege, onse awiri amaona dziko lomwelo pansi pawo, koma chimwemwe chawo si chimodzi. Woyambayo wadziwa phiri, wadziwanso miyendo yake. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Gemu yovuta imaphunzitsa mwana kugwa n'kudzuka, kuzindikira pamene adalakwitsa, ndi kuugwira mtima pamene akufuna kuponya foni pansi. Mfungulo imamlanda maphunziro amenewa. Kumeneku sikuchimwira munthu wina. Ndi kudzimana wekha, monga munthu wothyola mango aawisi. Ufulu ali nawo, mtengo ndi wake, koma asadabwe mano akayamba kuyayamira.

Pamene bodza limayambira

Mlungu utatha tidakhala naye mnyamata uja pa benchi kuseri kwa tchalitchi, n'kumfotokozera zonsezi. Tinene pano kuti nkhaniyi sidakambidwe m'Sakramenti la Kulapa, ndipo tikuilemba mwini wake atatiloleza. Tinkayembekeza kuti mtima wake upepuka, koma nkhope yake sidasinthe. Pamenepo tidamfunsa kuti: "Mwanawe, utaimaliza gemuyo, udauzako wina aliyense?" Adakhala chete kanthawi, kenaka zonse zidatuluka. Achimwene ake adamuikira Contra m'foni, ndipo iye ndi mnzake wa pamtima adapangana kuti aone amene ayambe kufika kumapeto. Iye adapeza mfungulo ija, adaimaliza gemuyo usiku umodzi, m'mawa mwake n'kukaonetsa anzake kusukulu chithunzi cha kumapeto, osatchula za miyoyo 30. Anzake adamtcha katswiri. Mnzake uja adalimbana nayo milungu 3 ndi miyoyo yake 3 yomweyo, mpaka adaileka, nanena kuti: "Ine ndine mbuli basi, amutu ndiwe." Mawu amenewo ndiwo ankamlanda tulo mwanayo. Chikumbumtima chake chidali chitaona patali kuposa funso lake. Chimene chinkamuluma udali ulemu umene adaulandira osaugwirira ntchito, ndi mnzake amene adadziyesa mbuli chifukwa cha iye.

Apa ndiye pali wonyenga ndi wonyengedwa, ndipo apa ndiye lamulo la 8 likulankhula. Munthu amatha kunama osatsegula pakamwa. Kuonetsa chithunzi n'kulola anthu akhulupirire zimene ukudziwa kuti si zoona, ndi bodza ndithu. Tidamtonthoza mwanayo pomuuza kuti sali yekha. Augustino Woyera, mwana wa Afrika amene adabadwa mu 354 ku Thagaste, m'dziko limene lero ndi Algeria, atakhala kale episkopi wa ku Hippo adaulula machimo a ubwana wake m'buku la Confessiones. Pakati pa machimowo adatchula kuti pa masewera ankapambana mwachinyengo chifukwa cholakalaka kukhala woyamba, ndipo kuti akagwira mnzake akuchita zomwezo ankakalipa koopsa, koma iye akagwidwa ankalusa m'malo movomera. Augustino sadazione zimenezi ngati zachibwana zongoseka. Adaona kuti mtima womwewo umene umanyenga pa mpira ndi pa timasewera ta ana, ndiwo umadzanyenga pa chuma, pa minda ndi pa maudindo munthu akakula. Paja m'mera m'poyamba.

Mbiri ya masewera omwewa ikutipatsa chitsanzo choonetsa kuti malire ali pa kunena zoona. Mu 2003 pa intaneti padafalikira kanema wa munthu wa ku Japan wodziwika ndi dzina loti Morimoto, woonetsa gemu ya Super Mario Bros. 3 ikumalizidwa m'mphindi 11 zokha, mwaluso losaneneka. Anthu adazizwa, poganiza kuti zimenezo zidachitika ndi zala za munthu paulendo umodzi. Atamva kuti kanemayo adapangidwa pa emulator, pobweza nthawi kambirimbiri ndi kusunga mphindi zabwino zokhazokha, ambiri adakwiya nati anamizidwa. Koma ntchito yomweyo lero ili ndi malo ake olemekezeka otchedwa TASVideos, kumene aliyense amadziwiratu kuti zimene akuonazo zapangidwa ndi zida, ndipo anthu amayamikira luso lake monga timayamikirira mmisiri wosema. Chimodzimodzinso ku RetroAchievements, kumene osewera masewera akale amalandira zizindikiro za ulemu, adasiyanitsa njira ziwiri: ina yolola kubwerera pa mphindi yosungidwa, ina yokhwima yoletsa zimenezo pamodzi ndi mfungulo zolowetsa kuchokera kunja, ndipo chizindikiro cha munthu chimaonetsa njira imene adadzera. Chida ndi chomwecho. Chimene chasintha n'chakuti anthu auzidwa zoona.

Ndipo ulemu wosayenera, ngakhale ukhalitse, umadzaululika. Mu 1982 munthu wina wa ku America adanena kuti adamaliza mpikisano wa galimoto wa gemu ya Dragster, ya pa makina a Atari 2600, m'masekondi 5.51, ndipo mbiri imeneyo idalowa mpaka m'buku la Guinness. Patapita zaka zoposa 30, anthu ofufuza mkati mwa pulogalamu ya gemuyo adapeza kuti ngakhale wosewera wosalakwitsa konse sangatsike pa masekondi 5.57. Mu Januwale 2018 a Twin Galaxies, amene amasunga mbiri za masewera otere, adafafaniza dzina lake. Za mumtima mwake adziwa ndi Mulungu. Ife tingoganizira anthu onse amene kwa zaka zonsezo ankadzivutitsa kuthamangitsa nambala imene sikadatheka, n'kumadziyesa olephera, monga mnzake wa mwana wathu uja.

Paulo Woyera, m'kalata yake yachiwiri kwa Timoteo, adakumbutsa kuti mphotho ya pa mpikisano ndi ya munthu amene wasunga malamulo ake. Makolo athu adanena zomwezo pamene adati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Pamene pali mnzako pali pangano, ngakhale lisalembedwe, ndipo amene alowa mu mpikisano atabisa mfungulo ali ngati wosewera bawo wobisa nkhomo m'chikhatho. Sitikunena kuti mwana aliyense wodina mfungulo adzalowa ndi likasa m'chipinda cha mayeso. Kuopseza ana motero n'kuwanamizira. Koma tikunena kuti mwana amene wazolowera kukoma kwa ulemu wakuba, walawa chinthu chovuta kuchileka. Dziko lathu lidaziona mu 2020, pamene mayeso a Fomu 4 adathetsedwa chifukwa mafunso adabedwa, ana osalakwa masauzande ambiri n'kudzalembanso mu Januwale 2021. Njira yachidule ya anthu ochepa idasanduka njira yaitali ya onse.

Madzi akatayika

Tili pa benchi pomwepo, mnyamata uja adanena mawu amene adatikhudza koposa: "Bambo, zikadakhala ngati pa gemu, bwenzi nditangobwerera pa tsiku lija." Ndani mwa ife sadalakalakepo zotere? Mwamuna amene adalasa mkazi wake ndi mawu, mayi amene adatemberera mwana wake atapsa mtima, wansembe amene adakalipira mkristu pagulu, tonsefe tikadakonda kukhala ndi batani lobwezera nthawi. Koma madzi akatayika saoleka. Mulungu, amene angathe zonse, sadatipatse batani limenelo. Adatipatsa china choposa, ndicho chikhululukiro. Ziwirizi n'zosiyana kwambiri. Wobweza nthawi amafafaniza cholakwa ngati kuti sichidachitike, palibe amene amadziwa, ndipo iye mwini saphunzirapo kanthu za mtima wake. Wolapa amachitchula cholakwacho ndi dzina lake, amachiika m'manja mwa Mulungu, kenaka amapita kukakonza zimene adaononga. Petro adakana Ambuye katatu, koma Ambuye atauka kwa akufa sadabweze usiku uja kuti Petro ayesenso. Adamfunsa katatu za chikondi chake, namsiyira nkhosa zawo. Ngakhale thupi lawo louka lidasunga zipsera za misomali.

Ndipo tikadziyang'ana bwino, tonsefe ndife anthu a miyoyo 30. Ndani mwa ife akadafika pamene ali leropa ndi miyoyo yake 3 yokha? Tidabadwa osapempha, tidaleredwa osalipira, ambirife tidabatizidwa tisanadziwe kanthu, ndipo takhululukidwa kosawerengeka. Akristu sitichita manyazi ndi chithandizo, pakuti chipembedzo chathu chonse chagona pa chaulere cha Mulungu. Paulo sadadzudzule Akorinto chifukwa cholandira mphatso. Adawadzudzula chifukwa chodzitama ngati kuti mphatsozo adadzipezera okha. Komabe tisayese kuti chaulere ndi mfungulo yachinsinsi. Mfungulo imachotsa nkhondo, pamene chaulere chimapatsa munthu mphamvu zomenyera nkhondoyo mpaka kumapeto. M'chipululu muja Satana adaonetsa Ambuye Yezu njira zachidule zitatu, ya mimba, ya kutchuka ndi ya ufumu, ndipo Iwo adazikana zonse, nasankha njira yaitali yopita ku Kalvare. Amene adakana kusandutsa miyala kukhala buledi chifukwa cha njala yawo, ndi omwewo amene adachulukitsa buledi poyera chifukwa cha njala ya anthu 5,000.

Kwa inu makolo

Tsono inu makolo, mukamva mwana akukamba za ma cheat code, musathamangire kulanda foni, musathamangirenso kunena kuti zimenezo n'zachibwana. Khalani naye pansi, akuonetseni m'mene amasewerera, pakuti mwana amamasuka kwa kholo limene lavomera kuphunzitsidwa ndi iye. Kenaka mumfunse mafunso atatu awa. Kodi ukusewera wekha, kapena pali mnzako? Ngati pali mnzako, kodi akudziwa za mfunguloyo, ndipo wavomera? Ukadzakamba za kupambana kwako, kodi udzanena m'mene wapambanira? Mwana amene angayankhe mafunsowa maso ali m'mwamba, musiyeni asewere, bola ntchito za pakhomo, za kusukulu ndi mapemphero zikhale ndi nthawi yake. Koma tidzifunsenso ife eni. Ngati timangoyamikira mwana amene wakhala nambala 1, osayamikira amene wachita khama n'kukhala nambala 15, ndife tomwe tikuwatuma kukafuna mfungulo. Ndipo kholo limene limadzitama pamaso pa ana kuti lidapeza chiphaso choyendetsera galimoto podzera kukhomo lakumbuyo, lisadabwe ana akamaphunzira makomo akumbuyo msanga kuposa Katekisimu.

Mwana uja tidamuuza kuti pa mabatani aja palibe choti alape, koma bodza lija alape ndithu, ndipo akamuuze mnzake zoona zake. Adachoka miyendo ikulemera, pakuti kuulula kwa mnzako nthawi zina kumavuta kuposa kuulula kwa wansembe. Patapita milungu iwiri tidawaona awiriwo pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi holo ya parishi, mitu ili pamodzi, akulandizana foni imodzi. Adatiuza kuti mnzakeyo adakwiya masiku awiri, tsiku lachitatu n'kupempha kuti amuonetse mfunguloyo. Tsopano adapangana kuti Loweruka azisewera ndi miyoyo 30 kuti aone magawo onse, koma pa mpikisano wawo aliyense aziyamba ndi miyoyo 3. Mpaka tsiku limenelo palibe mwa iwo amene adali atadutsa gawo la mathithi, koma kuseka kwawo kunkamveka mpaka kunyumba ya ansembe. Ambuye atipatse tonsefe mtima wolandira chithandizo mothokoza, ndi lilime lonena zoona za m'mene tathandizidwira.